Za Phukusi la Makhadi a Mpira ndi Mapaundi 77

Akonzi, tiloleni malo pang'ono m'kalata yathu ya mpingo kuti tikambe ndi abale amene agona m'mahositelo ndi m'nyumba zogawana kuno ku Sheffield, ku Rotherham, ku Doncaster ndi ku Leeds. Nkhani imene tili nayo ndi yochititsa manyazi, ndipo takhala nayo mumtima nthawi yaitali. Akulu a mpingo aidziwa kale. Koma tiona kuti anyamata atsopano ali kufikabe, ndipo ambiri aitanitsa katundu wa kunja pa lamya ya m'manja monga tinachitira ife, osadziwa chimene chidzawapeza pakhomo. Chifukwa chake tati tiilembe monga momwe inachitikira.

Munali m'mwezi wa October, chaka cha 2022. M'nyumba mwathu ku Burngreave tinali amuna asanu, mphika umodzi ndi bafa limodzi. Awiri agwira ntchito yonyamula katundu m'nyumba zazikulu zosungiramo katundu, mmodzi asamala okalamba, wina ndi mlonda wa usiku, ndipo ife amene tilemba kalatayi ndife kalaliki pa mgodi wa miyala ya laimu ku mapiri a Derbyshire, kumene tilemba matani a miyala ndi maola a anthu. Migodi ya malasha ya dziko lino inatha. Wotsiriza wakuya, wa Kellingley, unatsekedwa mu December 2015. Titchula za ukalaliki wathuwu pakuti ndiwo unatigwetsa. Anzathu anayi aja ankati munthu wa pensulo sanama pa za mapepala, ndipo ife tomwe tinkakhulupirira zimenezo.

Mudziwa inu nonse kuti mzinda uno ndi wa mpira. Timu ya Sheffield FC inayamba mu 1857, ndipo iwerengedwa kuti ndiyo yakale kuposa zonse pa dziko lapansi. Loweruka masana munthu sayenda bwino pafupi ndi Bramall Lane kapena Hillsborough chifukwa cha khamu. Tsono chaka chimenecho kunali kudza mpikisano wa dziko lonse ku Qatar, woyamba pa 20 November, ndipo m'masitolo monse munadzaza timatumba ta makhadi ndi zithunzi zomata za osewera. Mwambo umenewu ndi wakale kuno. Kampani ya Panini ya ku Modena, m'dziko la Italy, inayamba kugulitsa zithunzi za osewera mu 1961, ndipo buku lake loyamba la mpikisano wa dziko lonse linali la ku Mexico mu 1970. Azungu akuluakulu a ndevu zoyera asinthana makhadi pa nthawi ya tiyi monga ana a sukulu, osachita manyazi.

Ana athu kwathu anaziona zimenezi pa lamya, nayamba kutivuta. Wathu wamwamuna, wa zaka 9 nthawi imeneyo, anafuna khadi la Achraf Hakimi wa ku Morocco. Tinamfunsa kuti, “Iwe, ufuniranji munthu amene anatiliza?” Pajatu pa 25 January chaka chomwecho, ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chakutali chija dziko lonse linaimirira nacho, koma Morocco inabweza, ndipo Hakimi ndiye anamwetsa chachiwiri chimene chinatulutsa Flames, 2 kwa 1. Mwanayo anati afuna amuone nkhope bwinobwino. Bambo amene sanaone mwana wake zaka zitatu sakhoza kukana pempho lotere.

Mnzathu wamng'ono wa ku Ntcheu anali ndi maganizo ena. Iye anawerenga kuti mu August 2022 khadi limodzi la 1952 la Mickey Mantle, wosewera wa ku America, linagulidwa ndi madola 12.6 miliyoni. Kuyambira tsiku limenelo tulo tinamthawa. Anapeza wamalonda wina wa ku Italy wogulitsa mabokosi osatsegula, nati mtengo wake ndi wotsika kuposa wa m'masitolo a kuno, ndiponso muli makhadi ena osowa amene mwina angatilemeretse. Tinagwirizana kuti ambiri tidzatumiza kwa ana pa Khrisimasi, ndipo osowawo tidzasunga. Mabokosi anali mapaundi 300, kutumiza mapaundi 25. Aliyense anaponya mapaundi 65.

Tisanalipire, achimwene a ku Dowa, amene ali wamkulu pa ife tonse, anafunsa kuti, “Kodi a kalaliki, katundu wodumpha nyanja sakhala ndi kasitomu?” Iwo ndalama yawo anaitapa pa ya feteleza, pakuti mvula inali pafupi ndipo amayi kunyumba anali atalima kale mizere. Ife tinayankha ndi mtima wonse kuti palibe. Tinati tinamva tokha pa wailesi kuti pa 24 December 2020 dziko lino linapangana ndi maiko a ku Ulaya kuti katundu adzidutsa wopanda msonkho wa pamalire. Ndipo zimenezo sizinali zonama. Panganolo lilipo, ndipo likhudza katundu wopangidwa m'maiko amenewo. Chimene sitinadziwe ndi chakuti misonkho ili iwiri, ndipo panganolo linachotsa umodzi wokha. Safunsa anadya phula.

Anapita masiku khumi, phukusi osaoneka. Kenaka pa lamya ya mnyamata wa ku Ntcheu panafika uthenga wakuti phukusi lanu laimitsidwa, lipirani. Tinaseka tonse. Mudziwa kuti mauthenga otere ndiwo msampha wa akuba kuno. Alemba ngati a positi, napempha kandalama kochepa, cholinga chawo chili kutenga manambala a khadi la ku banki. Ambiri a inu munawalandira. Wotere ayenera kutumizidwa ku nambala ya 7726, imene ili yaulere, osatsegula chilichonse cholembedwamo. Tinachita chomwecho, tinadziyamikira kuti ndife ochenjera. Kalata ya pepala inafikanso, koma mlonda uja anaiona m'mawa ali ndi tulo, naiika pamwamba pa firiji pamodzi ndi mapepala a malonda. Inakhala pomwepo masiku khumi ndi awiri. Tinaipeza tsiku lina pofuna machesi.

Tinaiwerenga titaimirira. Inali yochokera ku kampani yonyamula katundu, ya manambala enieni a phukusi lathu. Munali mizere iwiri. Woyamba unati msonkho wa VAT, mapaundi 65. Wachiwiri unati malipiro a kampani chifukwa choombola phukusi ku kasitomu, mapaundi 12. Zonse pamodzi 77. Tinatenga pensulo kuti tiwagwire bodza, pakuti tinati gawo la mapaundi 20 pa 100 alionse, pa katundu wa 300, ndi 60, osati 65. Koma iwo sanalakwe. Msonkhowo auwerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi ndalama yotumizira, ndiye kuti pa 325. Munthu alipira msonkho ngakhale pa sitampa.

Tsono tifotokoze lamulo monga tinaliphunzira pambuyo pake, mochedwa. Kuyambira pa 1 January 2021, katundu wochokera ku Italy, ku Germany kapena ku France alowa kuno ku England monga wochokera ku Japan kapena ku America. Ngati mtengo wake sudutsa mapaundi 135, VAT iyenera kutengedwa ndi wogulitsa kapena msika wa pa intaneti pa nthawi imene muli kugula, ndipo phukusi lifika pakhomo popanda china. Ukadutsa 135, msonkho utengedwa polowa m'dziko, ndipo pa katundu wina awonjezanso wa kasitomu weniweni, malinga ndi mtundu wake ndi kumene anapangidwa. Pamenepo kampani yonyamula ndiyo ilemba mapepala m'malo mwanu, niyamba yalipira boma, kenaka nikulipiritsani inu, niwonjezapo yakeyake. Ya mkhalapakatiyo siipita ku boma, ndipo kampani iliyonse ili ndi mtengo wake. Zina zitenga ndalama yoikika, zina gawo la msonkhowo. Mukapanda kulipira, asunga phukusi pafupifupi masabata atatu, kenaka alibweza kwa mwini wake. Mu November 2025 boma linalengeza kuti chifundo cha pa katundu wosadutsa 135 nacho chidzachotsedwa pofika March 2029, chotero musadalire zimene munamva kwa mnzanu chaka chatha, funsani mwatsopano.

Mapaundi 12 aja ndiwo anatipweteka koposa, ngakhale anali ochepa. Msonkho wa boma tiudziwa, tinabadwiramo. Agogo athu anapita ku Halale ndi ku Joni ndi Wenela, ena mwa iwo chifukwa chofuna ya msonkho yomweyo. Koma kulipira munthu amene sitinamtume, chifukwa cha ntchito imene sitinaione, pamenepo mtima unakana. Komabe titakhala pansi tinakumbuka kuti ife tomwe pa mgodi tilemba mapepala a malole a eni ake tsiku lonse, ndipo pa mapeto a mwezi tiyembekeza malipiro. Mlandu wathu ndi iwo sunali wakuti alipiritsa, koma wakuti palibe anatiuza tisanagule. Wogulitsa anakhala chete, ndipo mwina zinalembedwa m'timalemba ting'onoting'ono tija timene munthu aponda ndi chala osawerenga. Kalaliki anayenera kuwerenga.

Usiku umenewo nsima inazizira m'mbale. Pa malipiro otsika a chaka chimenecho, mapaundi 9.50 pa ola, 77 inali thukuta la tsiku lathunthu, ndipo unali pakati pa mwezi, aliyense atatumiza kale kwawo. Mnyamata wa ku Ntcheu anati tilisiye libwerere, adzatibwezera ndalama. Tinamuonetsa kuti ya kutumiza idzapita ndithu, ndipo yotsalayo tidzaipempha kwa munthu amene sitidziwa nkhope yake, m'chinenero chimene sitichimva. Achimwene a ku Dowa sanakweze mawu. Anangoti, “A kalaliki, ine ndinafunsa. Munati palibe. Ine khobidi lina ndilibe.” Nalowa kuchipinda. Anatsala masiku anayi okha kuti phukusi libwerere.

Apa ndipo pali chimene tafuna kuulula. Ife tinali msungichuma wa thumba la maliro la mpingo wathu. Sabata lapitalo abale anapereka zopereka za mwezi, ndipo zinali mu envelopu m'sutukesi mwathu, kudikira tsiku lopita ku banki. Tinagona chagada tili kuwerenga. Tinati malipiro afika pa 28, ndi masiku khumi okha, palibe adzadziwa, ndipo si kuba koma kubwereka. Mmawa mwake tinatapa mapaundi 77, tinakawaika ku banki m'dzina lathu, ndi kulipira pa lamya. Anzathu tinawauza kuti tapeza ngongole kuntchito. Phukusi linafika Lachiwiri.

Lachitatu usiku lamya inalira. Mayi wa mlongo wina wa mpingo wathu, amene asamala odwala ku Darnall, anamwalira ku Zomba. Mwambo wa thumba lathu ndi wakuti chipepeso chipite usiku womwewo, kuti kwawoko agule bokosi ndi ufa anthu asanasonkhane. Ndalama ya ku banki ifuna anthu awiri asaine, chotero akulu anati tiyambe ndi ya mu envelopu. Anafika kunyumba kwathu akulu awiri a mpingo ndi mlongoyo, maso ali ofiira. Tinatulutsa envelopu ndi buku. Mkulu mmodzi anawerenga ndalama, mnzake nawerenga buku. Anabwerezanso kachiwiri. Ndipo bokosi la makhadi linali pomwepo pa tebulo, losatsegula, pepala la kasitomu lili pamwamba ndi nambala yake ya 77.

Abale, tinakhoza pa sukulu ya mishoni, tinaimirira pamaso pa mabwana ovuta, koma thukuta la usiku umenewo sitinaliwonepo. Tinanena zonse. Mlongoyo sanatiyang'ane n'komwe, ndipo kukhala chete kwake kunatilasa kuposa mawu. Amene anatiombola ndi achimwene a ku Dowa omwe aja. Analowa kuchipinda, natuluka ndi yotsala ya feteleza, nawerenga 77 pa tebulo, nati, “Maliro sadikira. Tumizani.” Sanatilankhule masiku atatu.

Sabata lotsatira, titatha mapemphero m'holo imene tibwereka, akulu anatiitana. Sanatinyoze. Mmodzi anati Mateyu anaitanidwa ali pa malo olandirira msonkho ndipo Zakeyu anali mkulu wa amisonkho, chotero tisanamizire a msonkho tchimo lathu. Iwo anatenga zimene lamulo liwalola, koma ife tinatenga zimene sitinaloledwe. Anagamula kuti titule buku kwa chaka chimodzi, kuti tiime pamaso pa mpingo kunena tokha, ndiponso kuti kuyambira tsiku limenelo zopereka ziziwerengedwa ndi anthu awiri ndi kupita ku banki Lolemba, zosagona m'sutukesi mwa munthu. Lamulo limenelo lilipo kufikira lero, ndipo atsopano amene adabwa nalo adziwe kuti linachokera kwa ife. Pa 28 tinabweza ya achimwene. Anzathu atatu anapereka aliyense mapaundi 15.40, ndipo gawo la achimwene tinalipira ife pamodzi ndi lathu. Koma feteleza anagulidwa mochedwa masabata awiri, mtengo utakwera, pakuti chaka chimenecho kwacha inali itagwetsedwa kale mu May. Zimenezo sitinathe kubweza.

Nkhaniyi itamveka, mbale wina wa ku Leeds anatiseka nati ndife opusa. Anati iye auza wogulitsa kuti alembe pa pepala la kasitomu kuti ndi mphatso ya mapaundi 30, ndipo zidutsa. Tiyenera kunenapo, pakuti nzeru imeneyi ili kuyenda m'mahositelo. Ndi zoona kuti mphatso yochokera kwa munthu kupita kwa munthu, yosadutsa mapaundi 39, siilipira VAT. Chitenje chimene amayi akutumizirani chilowa chotero. Koma chimene mwagula ndi ndalama si mphatso, ndipo a kasitomu ali ndi mphamvu yotsegula phukusi, kuliika pa mtengo wake weniweni, ngakhale kulilanda. Likatayika panjira, mudzadandaula bwanji za 300 pamene pepala linena 30? Ndiponso ife tili m'dziko la eni ndi mapepala owerengeka masiku. Sitiona nzeru kuika dzina lathu pa bodza lolembedwa chifukwa cha zithunzi za anthu othamangira mpira. Za chikumbumtima sitinena zambiri, pakuti ife sindife oyenera kulalikira.

Chimene munthu akhoza kuchita moona ndi ichi. Asanagule afunse wogulitsa ngati msonkho uli kale m'mtengo, ndi kampani iti idzanyamula. Awonjeze mapaundi 20 pa 100 alionse, ndi ya mkhalapakati, ndipo pamenepo ayerekeze ndi mtengo wa m'sitolo ya pa The Moor. Ife titawerenga chotero tinapeza kuti makhadi athu otsika mtengo aja anatidyera zambiri kuposa tikadagula kuno ndi kuyenda nawo pa basi. Ndipo ngati muona kuti msonkho anauwerenga molakwa, sungani pepala lomata pa phukusi ndi lisiti. Pali fomu yopemphera kuti akubwezereni, BOR 286 ngati linadza pa positi, C285 ngati linadza ndi kampani ina. Imeneyo ibweza msonkho wa boma wokha.

Kumbukiraninso kuti chipata chili mbali zonse ziwiri. Zimene titumiza kwathu m'migolo ndi m'mabokosi zikafika ku Lilongwe kapena ku Blantyre zipeza a MRA, ndipo katundu wamkulu afuna ajenti womuombola, amene naye ali ndi mtengo wake. Tamva akazi ndi makolo akudandaula kuti mphatso yathu inawagulitsitsa mbuzi. Walira mvula walira matope. Wotumiza mgolo atumize ndi ya kuombolera, ndipo auze wolandirayo zisanafike.

Bokosi lija tinalitsegula Loweruka lina mu December, Morocco itagonjetsa kale Spain. Kufikira tsikulo palibe anafuna kulikhudza. Tinakhala pansi asanu tonse, kung'amba timatumba ndi kuunjika makhadi monga mwa maiko. Ambiri anali obwerezabwereza. Goloboyi wina tinampeza kasanu ndi kawiri. Mnyamata wa ku Ntcheu anafufuza mtengo wa lililonse lonyezimira pa lamya yake, ndipo lodula koposa linali la mapaundi 4. Madzulo omwewo Morocco inagonjetsa Portugal 1 kwa 0, nikhala timu yoyamba ya mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi otsiriza, ndipo tinakuwa mpaka mzungu woyandikana naye anagogoda khoma.

Hakimi anampeza ndi achimwene a ku Dowa, m'katumba ka kumapeto. Anamuyang'ana nthawi yaitali, natipatsa, nati, “Uyu ndiye wa matumba anga a feteleza. Mumuuze mwanayo asamunyowetse.” Makhadi onse anapita m'sutukesi mwa mbale wina amene anali kupita kutchuthi kudzera ku Addis Ababa, tinawagawa m'maenvelopu asanu, ndipo lisiti tinamupatsa m'manja kuti akafunsidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu akaonetse. Mwana wathu analemba kuti Hakimi anasinthana ndi mnzake wa ku sukulu, nalandira nkhunda ziwiri.